Anakawadwalira Amuna Awo ku Chipatala

Mwamva inunso, eti? Msewu wathu wonse ukunong'ona kuti atelala azungulira mutu, chifukwa dzana anawaona atakhala mu saluni ola lathunthu pakati pa azimayi asanu olukitsa tsitsi, pomwe iwo kumutu kwawo ndi dazi lokhalokha lonyezimira. Ena akuti akusaka mkazi wachiwiri, ena akuti akuphunzira kuluka. Ine miseche sindimaikonda, koma chingwe chathu choyanikapo zovala chili pafupi ndi khonde lawo, pakati pali kampanda kongofika m'chiuno, ndiye makutu ndikanawasiya m'nyumba?

Nkhani yake ili chonchi. Chimwalirireni mnzawo amene ankasoka naye pakhondepo, atelala sanapondenso makina. Amangokhala pampando, foni m'manja, ndevu zikumera. Ndiye lero m'mawa akazi awo, amayi aja ochapa ndi kusita zovala za anthu, anatuluka m'nyumba, dzanja lina pepala, dzanja lina mpira.

"Wakhani!" anatero mayiwo, n'kuponya.

Mpira unawagunda atelala pachifuwa, n'kugwa, n'kugubudukira kunsi kwa makina. Iwo sanasunthe ndi chala chomwe.

"Chimenechi n'chiyaninso?"

"Mpira wamanja. Nambala sikisi."

"Nambala sikisi ya chiyani?"

"Ya papepala. Tolani mundiponyere. Tikatha mukasambe, teni koloko mukufunika kuchipatala."

"Akudwala ndani?"

"Inu."

"Aa! Ine sindikudwala, mayi. Ndikupuma."

"Miyezi itatu?"

"Ndinatopa kwambiri." Anayang'ana pafoni. Kenako anadzutsa mutu. "Dikirani. Kuchipatalako akundidziwa bwanji? Ine chibadwire sindinakhalepo pabenchi ya odwala."

"Ndinakakudwalirani."

"Munatani?"

"Ndinakakudwalirani. Sabata ziwiri zapitazo. Ndinakuuzani kuti tiyeni, munati mwamuna sakafola pamzere chifukwa cha tulo. Ndiye ndinapita ndekha, ndinakanena zanu zonse ngati ndi zanga."

"Mayi inu!"

"Mukudabwa chiyani? Chaka chatha chifuwa chija si ndinakakutsokomolerani? Anandipatsa botolo, munamwa, munachira."

Atelala anakanda ndevu. "Chifuwa n'china. Chabwino, mapiritsi ake ali kuti?"

"Sanandipatse."

"Botolo?"

"Pepala." Mayiwo analikweza m'mwamba ndi manja awiri. "Namwino wake analemba yekha ndi cholembera. Anati tiyambe ndi zimenezi, tikabwerera lero aone ngati pakufunika mankhwala kapena mlangizi. Anati munthu si mutu wokha. Tulo, m'mimba, miyendo, anzako, ntchito, zonse ndi munthu mmodzi. Anati sungachape kolala yokha n'kumati malaya ayera."

"Ndiye ndine malaya tsopano."

"Anati ngati malaya. Sananene kuti ndinu malaya."

"Oo. Ndiye zodabwitsa zonse za sabata ziwirizi zikuchokera papepalapo?"

"Zodabwitsa ziti?"

"Lero mwandidzutsa kuti mundiuze kuti sindinagone mokwanira."

"Mwagona maola asanu. Pepala likuti asanu ndi atatu. Atatu otsalawo mudzagona mukabwerako."

"Nanga foni yanga? Dzuwa likangolowa imasowa, m'mawa ndimaipeza patebulo ikununkha mafuta odzola a eni ake."

"Imagona kwa achemwali anga."

"Achemwali anu amakhala misewu itatu kuchoka pano!"

"Pepala likuti foni izigona kutali ndi bedi."

"Pabalaza si kutali?"

"Pabalaza mumafikapo."

Atelala anapumira m'mwamba. "Lachiwiri munandiimitsa pageti la eni ake."

"Theka la ola linathera pomwepo."

"Panatsala nyumba ziwiri kuti tifike pakhomo pano!"

"Pepala likuti yendani theka la ola. Silikuti theka la ola ndi nyumba ziwiri."

"Tinaima ngati akuba, galu akutiuwa, mwini nyumba akusuzumira pawindo."

"Koma tinafika."

"Tinafika bwanji, poti nthawi inatha?"

"Tinatapako za Lachitatu."

"Ii! Nanga madzi? Makapu asanu ndi atatu, onse nthawi imodzi, munthu usanatsuke ndi m'kamwa momwe. Ndikayenda m'mimba mumachita kumveka ngati chigubu chili panjinga."

"Ndili ndi zochapa, bambo. Sindingamakutsatireni ndi kapu tsiku lonse."

"Tiyi wanga?"

"Kapu imodzi."

"Ndimamwa zisanu."

"Munkamwa zisanu. Masamba ndi zipatso ndiye mulibe malire, pamenepo pepala lakumasulani."

"Bweretsani kuno pepala limenelo."

Mayiwo anawapatsa. Atelala anavala magalasi awo a mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi, n'kulitambasula pabondo. Milomo inayamba kugwedera akuwerenga chamumtima. Kenako inaima.

"Nambala folo," anawerenga pang'onopang'ono. "Chezani ndi amayi anzanu, ola limodzi pa sabata."

"Eya."

"Amayi anzanga."

"Eya."

"Ine ndili ndi amayi anzanga?"

"Munalibe. Ndinakupezerani."

Atelala anavula magalasi. "Ndiye chifukwa chake munandisenzetsa beseni la matawulo kuti ndikapereke ku saluni."

"Matawulowo anali awo ndithu, ndinachapa ndine. Ndinangowapempha kuti asakutulutseni ola lisanakwane."

"Anandibisira chipewa!"

"Munacheza?"

"Ndinamva zinthu zoti munthu wa ndevu sayenera kumva. Pano ndikudziwa mabanja atatu amene atha mwezi uno mumsewu muno."

Apa ine ndinasendera kufupi ndi mpanda, malaya onyowa ali m'manja. Koma abale, sanatchule ndi limodzi lomwe. Anthu ena nkhanza.

"Munaseka?" anafunsa mayiwo.

"Sindinaseke."

"Anandiuza kuti munaseka kawiri."

"Kunali kutsokomola."

"Ndalemba kawiri."

"Mayi, pepala ili ndi la munthu wamkazi."

"Ndi la wodwala."

"Wodwala wake wamkazi!"

"Wodwala wake ndinu. Ine ndinangopita ndi thupi."

Atelala anavalanso magalasi. "Nambala faifi. Uzani amuna anu zakukhosi, ndipo muzigawana nawo ntchito zapakhomo." Anadzutsa mutu. "Amuna anga."

"Pamenepo panandivuta. Mulibe amuna. Ndinaganiza masiku awiri."

"Ndiye?"

"Ndinapempha akalipentala a mumsewu muno."

"Ha! Ndiye chifukwa chake akalipentala anabwera Lachinayi atavala jekete, n'kukhala pampando uwo maola awiri akungondiyang'ana?"

"Ankadikira zakukhosi."

"Ine ndimaganiza kuti kwawo kwagwa zovuta akusowa poyambira! Ndinawapepesa kawiri. Kenako anaimirira n'kukatsuka mbale zathu."

"Theka lokha. Munagawana. Theka iwo, theka inu."

"Ine sindinatsuke mbale."

"Theka lanu ndinakutsukirani."

Atelala anayang'ana kudenga la khonde, ngati pali wina kumeneko woti awathandize. Panalibe. Anabwerera papepala.

"Nambala sikisi. Chitani chinthu chimene munkachikonda muli mtsikana." Anayang'ana mpira uja kunsi kwa makina. "Ine ndili mtsikana ndinkakonda mpira wamanja."

"Kwambiri. Munali wogoletsa."

"Mayi, sindinakhalepo mtsikana."

"Ndikudziwa. Koma namwino anafunsa, ndiye funso likanangokhala lopanda yankho? Poti inu munalibe chanu, ndinaikapo changa."

"Munaikapo chanu."

"Pamenepo pokha."

"Pamenepo pokha?"

"Ndi pa msana."

"Msana wanga sundipweteka."

"Anafunsa ngati pali pena pamene pakupweteka. Ndinati msana ndi mapewa. Zinangotuluka."

Atelala anaika foni pansi. Ine chiyambire miyezi itatu imeneyi ndinali ndisanaone foni imeneyo ili pansi dzuwa likuwala.

"Tandiuzeni bwinobwino. Munakanena chiyani kumeneko?"

"Zanu. Ndinati sindigona. Chakudya sichindikomera. Mtima umangogunda popanda chondithamangitsa. Anthu akagogoda ndimafuna kubisala."

"Za kusagonazo mumadziwa bwanji?"

"Ndimawerenga pawotchi."

"Maola onse?"

"Onse. Pasapezeke cholakwika."

"Inuyo mumagona nthawi yanji?"

"Ine ndimakhala ndili pantchito yowerenga."

"Za kusadyazo?"

"Ndimachotsa mbale zili zodzaza."

"Mbale zingati?"

"Ziwiri." Mayiwo anakonza mpango wawo. "Sindingamadye wodwala akuyang'ana."

"Anakuyezani?"

"Anandiyeza. Magazi anu akuthamanga kwambiri."

"Magazi anga."

"Namwino anachita kuyeza kawiri. Anati muchepetse mchere ndi nkhawa."

"Anayeza pamkono wa ndani?"

"Wanga. Wanu unali kuno."

"Mayi…"

"Ndiponso mwatsika makilogalamu anayi."

"Pasikelo anakwerapo ndani?"

"Ine, m'malo mwanu. Nsapato ndinavula."

Atelala anapinda pepala pakati, n'kulitambasulanso.

"China chimene ndinachita kumeneko n'chiyani, chimene sindikuchidziwa?"

"Munalira."

"Ndinalira!"

"Pang'ono. Mphindi makumi awiri. Namwino anatseka chitseko n'kukupatsani madzi."

"Anayamba n'chiyani kuti ndilire?"

"Anangofunsa kuti, inu mumasamalira aliyense, nanga inuyo amakusamalirani ndani. Basi munayamba."

"Funso limenelo si langa."

"Linafunsidwa kwa wodwala."

"Misozi inatuluka m'maso mwa ndani?"

"Bambo, musandizunguze. Ine ndinapita kumeneko ndili bwinobwino. Nthawi ikutha, kasambeni. Lero ndiye sindingakupitireninso."

"Chifukwa?"

"Lero akafunsa kuti mukumva bwanji tsopano. Zakunja ndimaziona, ndikhoza kuyankha. Koma zam'kati sindikuzidziwa. Simundiuza. Chimwalirireni anzanu aja simunawatchulepo ndi kamodzi komwe. Ndikakanena chiyani?"

Pakhondepo pali makina awiri. Ena ndi a atelala, ena ndi a malemuwo, ophimbidwa ndi nsalu yamizeremizere. Atelala anayang'ana ophimbidwawo nthawi yaitali, mpaka ine malaya anayamba kuuma m'manja.

"Ankadula ndi iye," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinkasoka. Zaka makumi awiri. Ndikagwira lumo ndimadikira kuti andiuze kuti ndapotoza. Palibe amene akunena."

"Zimenezo ndiye mukanene uko."

"Sindipita."

"Bambo."

"Sindipita! Ndikakhale pabenchi, anthu amene ndinawasokera masuti aukwati azindiona? Azifunsa kuti atelala chavuta n'chiyani, ine ndiziti tulo? Ayi. Munthu wathanzi ngati ine!"

"Magazi anu akuthamanga."

"Asiyeni athamange, akatopa aima okha."

"Akaima ndiye kuti mwafa."

"Ndikunena kuti sindipita. Nkhani yatha."

Mayiwo anawerama kuti atole mpira kunsi kwa makina. Powerama, siketi yawo inatsetsereka pang'ono, iwo n'kuigwira msanga ndi dzanja limodzi.

"Imani pomwepo," anatero atelala.

"Ndikutola mpira."

"Imirirani. Tembenukani. Chimenecho n'chiyani m'chiunomo?"

"Pini."

"Ndikuona kuti ndi pini. Ikutani pa siketi yanga?"

"Siketi ndi yanga."

"Ndinasoka ndine! Ndinayeza ndekha, ndinaika zipi ndekha. Chovala chochoka pamakina anga sichinafunepo pini. Ndani wakuonani mutavala chonchi?"

"Msewu wonse."

"Mayo! Msewu wonse ukuona ntchito yanga ikugwiridwa ndi pini!"

Atelala anadzuka, abale. Mpando unachita kulira. Anatsegula kabati ya pamakina, n'kutulutsa tepi yoyezera, n'kuikutumula fumbi.

"Kwezani manja."

Mayiwo anakweza. Atelala anazunguliza tepi m'chiuno mwawo, n'kuwerama, n'kuyang'ana manambala pamwamba pa magalasi. Anamasula, n'kuyezanso.

"Mainchi atatu. Mwachoka mainchi atatu."

"Ndi anu amenewo."

"Tepi ili m'chiuno mwanu!"

"Chiyambire kukudwalirani zinthu zanu zambiri zikumapezeka pa ine."

"Tambasulani manja."

Anatambasula. Zala zinali kunjenjemera ngati munthu wanyamula ndowa kuchokera kutali.

"Zimenezi ndi zanganso?"

"Sindinafunse."

Atelala anakoleka tepi m'khosi, mmene ankachitira kale. Anakoka mpando wawo uja n'kuloza.

"Khalani."

"Ndanyika zovala za anthu."

"Sizithawa. Khalani. Mayi, mukudwala."

"Sizingatheke. Pakhomo pano wodwala alipo kale."

"Valani nsapato, mupite kuchipatala teni koloko yomweyo. Mukawauze zonse: msana, manja, mbale, pini."

"Sindingapite."

"Chifukwa?"

"Kumeneko ine ndine inu."

"Mwati?"

"Khadi langa ladzaza ndi matenda anu. Ndikangolowa, namwino atsegula khadi, aona zanu, andifunsa zanu. Zanga ndikazilemba pati? Malo anatha."

"Mukawauze zoona, kuti munalakwitsa."

"Sindinalakwitse. Zonse zimene ndinanena zinachitika."

"Ndiye mukatsegule khadi lina."

"Munthu mmodzi, khadi limodzi. Zalembedwa pakhoma."

Atelala anayenda kukafika kumapeto kwa khonde, n'kubwerera. Anayendanso, n'kubwerera. Anaima patsogolo pa akazi awo, manja ali m'chiuno.

"Ndiye kuti inu kuchipatala simungakadwale nokha."

"Sindingathe."

"Pakufunika munthu wopanda khadi."

"Eya."

"Woti akakudwalireni."

Mayiwo anaganiza kaye. "Akalipentala ali ndi khadi. Shuga."

"Sindikunena akalipentala! Akalipentala alowa kale mokwanira m'banja lino. Madzi osamba alipo?"

"Ali pamoto."

Atelala analowa m'nyumba. Mayiwo anakhala pampando paja, mpira uli pamiyendo, osagwedezeka. Ine ndinayanika malaya amodzi omwewo katatu. Patapita kanthawi atelala anatuluka atameta ndevu, atavala jekete yotuwa, tepi idakali m'khosi poti anaiwala kuivula.

"Mukanena chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Zanu. Sindigona. Chakudya sichindikomera. Mtima umangogunda."

"Musaiwale msana."

"Msana ndi mapewa."

"Akafunsa kuti zinayamba liti?"

Atelala anamanga batani la jekete, n'kulimasula, n'kulimanganso.

"Ndikati chimwalirireni mnzanga."

"Imeneyo ndi yanu."

"Funso lisakhale lopanda yankho. Poti inu mulibe tsiku lenileni, ndiikapo langa."

"Pamenepo pokha."

"Pamenepo pokha."

"Akafuna kuyeza magazi?"

"Ayeze. Akapezeka akuthamanga, tidziwa kuti matenda anu akula."

"Akati mubwerenso sabata yamawa?"

"Ndidzapitanso. Mkazi wanga sangamaonde mainchi atatu ine ndili moyo. Inu khalani pomwepo, zovala za anthuzo ndidzatsukuluza ndikabwera. Siketiyo muivule muiike pamakina, pini imeneyo ndisadzaionenso."

Anatsika pakhonde, anafika pageti, anatsegula. Kenako anatembenuka, nkhope ili gwa, chala chili m'mwamba.

"Ndipo mukadzamva kuti kumeneko ndinalira, mudziwe kuti munali inu."

Anapita, abale. Anayenda msewu wonse jekete itamangidwa, anadutsa pa saluni osayang'ana kumbali. Nditacheuka kuti ndione mayi aja, ndinapeza agona pampando pomwepo, pakamwa pali pululu, mpira ataukumbatira ngati mwana.

Tsopano tandiuzeni inuyo, chifukwa ine mutu waima: atelala akakakhala pamaso pa namwino n'kunena kuti "sindigona," akhala akunama kapena akunena zoona?